Ngozi ya mtsinje wa Kafue yaonetsa kufunika kwa akatswili a zacilengedwe

Pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi anasefukila mu mtsinje wa Mwambashi mpaka kulowa mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapselela m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unakhala masiku angapo wopanda madzi a m'mipope. Boma linatumiza ndeke za asilikali kukathila laimu mu mtsinje pofuna kucepetsa mphamvu ya asidiyo.

Cimene cinatsatila ndi mkangano wa ziwelengelo. Poyamba kunamveka kuti madzi oipa amene anatayika anali malita pafupifupi 50 miliyoni. Kampani ya Drizit, imene inalembedwa nchito yofufuza, inanena kuti zinyalalazo zinali matani pafupifupi 1.5 miliyoni, koma a Sino-Metals anakana zimenezi ndi kuthetsa pangano lawo. Mu Ogasiti 2025 ofesi ya kazembe wa dziko la America inacotsa anchito ake ku Kitwe, pomwe boma linayankha kuti madzi anali atabwelela mwakale. Mlimi wa m'mphepete mwa Mwambashi alibe njila yodziwila yekha amene akunena zoona. Poizoni wa m'nthaka saoneka ndi maso.

Apa ndi pamene nchito ya aphunzitsi a m'masukulu a ukacenjede imaonekela. Ku Kabwe, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma umboni wambili wa kuculuka kwa mtovu m'magazi a ana a m'makomboni monga Chowa ndi Kasanda unabwela cifukwa ca ofufuza a pa sukulu ya madotolo a ziweto ya Samora Machel pa UNZA, mogwilizana ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan. Anayamba ndi kupima nthaka, ng'ombe ndi nkhuku, kenaka anafika pa ana. Nchitoyi inatenga zaka zambili, ndipo inadalila kwambili thandizo la dziko la Japan.

Kuti munthu afike pa msinkhu wotele, amafunika digili yoyamba, yaciwili ndi ya udotolo, kawilikawili kunja kwa dziko. Akabwelako amapeza kuti makina opimila zitsulo m'madzi ndi okwela mtengo, ndipo m'zaka zapitazi aphunzitsi a pa UNZA anacitapo sitalaka cifukwa ca kucedwa kwa malipilo. Sizodabwitsa kuti ena amasankha kukagwila nchito ku migodi kapena ku maiko ena. Vuto ndi lakuti katswili wolembedwa nchito ndi mgodi amapimila abwana ake, ndipo anthu amakayikila zimene wapeza ngakhale zitakhala zoona.

Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, ili ku Riverside m'mbali mwa Kafue weniweniyo, ndipo ili ndi sukulu ya zacilengedwe yophunzitsa za nkhalango, nsomba ndi nyama zakuchile. Kukhala ndi ndalama zake zopimila madzi mwezi ndi mwezi kungathandize bungwe la ZEMA kupeza ziwelengelo zosacokela kwa eni migodi. Zitsulo zimakhazikika m'matope a pansi pa mtsinje ndipo zimavunduka madzi akasefukila, pomwe kumunsi kwake kuli malo osungilako nyama a Kafue National Park, madambo a Kafue Flats okhala nyama za lechwe, komanso malo a Iolanda amene amapopela madzi akumwa a mzinda wa Lusaka.