Magetsi nawonso amafuna nkhokwe

Mlimi akakolola amaika chimanga m'nkhokwe kuti adye mpaka miyezi ya njala. Magetsi athu alibe nkhokwe yotere. Pafupifupi onse amagwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo imene apangidwa, ndiye makina akaima, kwathu kumada.

Tidaziona mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira ku Chikwawa konkuno. Dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo padapita chaka ndi miyezi EGENCO isanamalize kukonza. Magetsi akazima chigayo chimaima, pampu ya m'dimba siikoka madzi, ayisi amasowa, ndipo msodzi wa ku Elephant Marsh amangogulitsa mlamba wake motchipa poopa kuti uwola.

Njira yosungira magetsi ilipo kale m'dziko muno. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, kampani ya JCM Power idatsegula mu 2022 malo a magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, pamodzi ndi mabatire akuluakulu otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Masana amadzaza, madzulo amathandiza pamene anthu ambiri ayatsa. ESCOM nayo idayamba ntchito yoika mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo, ku Lilongwe.

Nanga Chigwa cha Shire, kumene dzuwa limaswa mtengo, bwanji chikutsalira? Tisanamizane, batire silingalowe m'malo mwa Kapichira kwa chaka chathunthu, komanso ndi lodula. Koma maola ochepa omwewo ndi amene amapulumutsa nsomba mufiriji ndi mbewu m'dimba.

Choncho aphungu ndi makhansala athu a ku Chikwawa ndi Nsanje apemphe kuti mabatire otere adzaikidwenso kuno, kaya ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, pamalo okwera pomwe madzi osefukira safika. Namondwe wa Freddy adatiphunzitsa zimenezo mu 2023.

Ifenso m'magulu athu a ulimi ndi usodzi, tikamasonkha ndalama za sola, tisamathere zonse pa mapanelo. Batire lotchipa limafa msanga ndi kutentha kwa kuno, makamaka likamathera motoheratu tsiku ndi tsiku. Tigule labwino, tiliike pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mwezi uliwonse tizipatula kangachepe kodzagulira lina.