Lezala silichiza mauka

Ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua, mayi akayamba kumva kuyabwa kumaliseche, mlandu wake umagamulidwa asanaonane ndi dokotala. Apongozi amati ndi mauka, akadulidwe. Bambo wapakhomo amati wayamba kuyendayenda. Mnzake wa pamjigo amamunong'oneza kuti akagule makapisozi pa okala. Onsewa akumuvulaza mayiyu, ndipo ife taonerera mokwanira.

Nthawi zambiri choyambitsa kuyabwako ndi kafangasi kotchedwa Candida. Sikabwera ndi chibwenzi ayi. Kamakhala kale m'thupi la anthu ambiri, m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche komwe, popanda vuto, chifukwa pali tizilombo tina tabwino timene timakaletsa kuswana. Tizilomboti tikachepa, kafangasi kaja kamachuluka, mayi n'kumamva kuyabwa kosagonetsa tulo, kuwotcha pokodza, ndi kutuluka chikazi choyera, chokhuthala ngati chambiko, chopanda fungo lamphamvu. Amayi atatu mwa anayi alionse amadwalapo nthendayi pamoyo wawo, ngakhale mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Ndiye bambo amene amathamangira kukasuma kwa ankhoswe akusumira chiyani?

Mimba imaiputa nthendayi, shuga nayenso, komanso kutsika kwa chitetezo cham'thupi. Kutentha kwa kuno kuchigwa kumawonjezera. Taganizani mayi amene waweramira m'madzi kusikimu ya Bwanje kuwokera mpunga kuyambira m'mamawa, kabudula wamkati wa nayiloni ali chinyowere mpaka dzuwa kupendeka. Chinyezi ndi kufunda ndizo kafangasi kamafuna. Kabudula wa thonje, wochapa n'kuyanika padzuwa osati kubisa kuseri kwa chitseko, amathandiza kwambiri.

Makapisozi aja ndiwo amandipweteka mtima. Amoxicillin ndi doxycycline sapha fangasi, amapha tizilombo tabwino tija. Mayi amataya ndalama yake ya mpunga kugula chinthu chimene chikukulitsa nthenda, ndipo wogulitsayo sadziwa n'komwe chimene wapereka. Chimodzimodzi kutsuka m'kati ndi sopo kapena mandimu, ndi kuikamo zitsamba zoumitsa kuti bambo akondwere. M'katimo mumadziyeretsa mokha. Madzi oyera kunja akukwanira.

Koma choopsa kuposa zonse ndi lezala. Timamva kuti mwana akatentha thupi ndiye kuti mayi ake ali ndi mauka, adulidwe kuti mwana achire. Mwana wotentha thupi kuno kunyanja ayezedwe malungo tsiku lomwelo, akapezeka nawo alandire LA. Pamene mayi akukhetsa magazi kuseri kwa nyumba, malungo akumudya mwanayo. Bala la pamalo amenewo limatukusira msanga, ndipo lezala limodzi likadula anthu awiri limatha kupatsira HIV. Anamkungwi ndi azamba ndimawalemekeza, amayi amawamvera kuposa mmene amamvera ife olemba nyuzipepala. N'chifukwa chake ndikuwapempha iwowo kuti aike lezala pansi. Kuno ndi kumene ankalamulira Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adathetsa maukwati a ana mazanamazana anthu akuti mwambo sukhudzidwa. Asatiuze munthu kuti kudula mauka sikungathe.

Mankhwala enieni alipo, ndipo si ovuta: clotrimazole, mapiritsi oika kumaliseche pogona, ndi wopaka kunja, kapena fluconazole wa 150 mg, kumwa kamodzi. Woyembekezera asamwe fluconazole, agwiritse ntchito oika aja. Komabe musadzilembere nokha, amayi. Si kuyabwa konse kumene kuli Candida. Chikazi cha fungo la nsomba chimafuna Flagyl, ndipo nthawi zina bambo nawo ayenera kulandira. Ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mdani wina amene ambiri samuganizira: likodzo. Mazira ake amakhazikika m'njira ya chiberekero, n'kumayambitsa kuyabwa, chikazi ndi magazi pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel. Magazi otero angakhalenso chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno. Kusiyanitsa zonsezi kumafuna kuyezedwa. Nthenda ikamabwerabwera kanayi pachaka, pemphani kuti akuyezeni shuga ndi HIV.

Akuluakulu a zaumoyo ku Dedza aonetsetse kuti clotrimazole sakusowa m'zipatala za ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua, chifukwa mayi amene wauzidwa kuti "mukagule" amabwerera ku okala kuja. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo aitchule nthendayi poyera pasikelo, ndipo mayi aziyezedwa m'chipinda chotseka, mawu ake osamveka pamzere. Inu abambo, mkazi wanu akakuuzani kuti akumva kuyabwa, mpatseni ya kabaza apite kuchipatala, ndipo mudikire amalize mankhwala musanamukhudze.