LUSO LA MANJA: Mphepo Imanga Msanga, Koma Siimva

Shafiti ya cigayo ikathyoka, mudzi wonse umabwerera ku mtondo kufikira mmisiri atasema ina. Ngalande ya kiyi pa shafitiyo amaidula pa makina ochedwa milling machine, amene sagaya cimanga koma amasema citsulo ndi mpeni wozungulira. Ochuka kwambiri ndi a Bridgeport, amene anayamba kupangidwa ku America mu 1938.

Mpeni wa makinawa umakhala m'cogwirira cochedwa collet. Cogwiriraco cimakokedwa ndi bauti lalitali, drawbar, limene limapyola m'kati mwa mutu wa makina kucokera pamwamba. Posintha mpeni mmisiri amanyanyamphira, nagwira buleki, namasula ndi sipanala, nagogoda ndi hamala. Nchito ikafuna mipeni yambiri, phewa limalema dzuwa lisanapendeke. Coopsa n'cakuti munthu akaiwala sipanala pamwambapo nayatsa makina, imauluka ngati mwala wa legeni.

Cida cocita nchitoyi ndi mphepo cimagulitsidwa, koma mtengo wake ndi waukulu, motero amisiri ena amadzipangira okha. Amatenga sipanala yaing'ono yoyendera mphepo, mng'ono wake wa ija yomasulira mawilo a galimoto, naimangirira cozondoka pa mbale yacitsulo. Mbaleyo imatsetsereka pa mizati iwiri yosalala yoimikidwa pamutu pa makina, ndipo masipuling'i amaikankhira m'mwamba kuti isakhudze bauti pamene makina akuzungulira. Mmisiri akatsitsa cigwiriro, soketi ya 3/4 inchi imavala mutu wa bauti, mphepo yocokera mu kompresa imalowa, mpeni numasuka nthawi yomweyo. Akapotozera mbali ina, umamangika.

Koma apa ndipo pafunika nzeru. Dzanja limamva bauti likalimba, pamene mphepo siimva. Mazinga a bautilo ali pa citsulo ca 7/16 inchi cabe, ndipo kumanga mopyola muyeso kumawadya, mwinanso kuononga collet. Ngakhale sipanala zotere zimapangidwira mphepo ya mapaundi 90, wanzeru amaika cocepetsera mphamvu, nayamba ndi yocepa, naonjezera pang'onopang'ono mpaka mpeni utagwira osaterereka. Soketi iyenera kulunjika pakati penipeni pa bauti, apo ai mutu wake udzaphwanyika m'makona. Mkono wonyamula mpeni ukwezedwe kotheratu asanatsitse cigwiriro, pakuti ukatsika bauti limatsika nawo, soketi n'kulephera kuligwira bwino. Makina akhale ataima, ndipo dzanja lina lidikire pansi ndi nsanza, cifukwa mpeni ukamasuka umagwa, ndi kubenthuka mano kapena kutema zala.

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Mmisiri wodya mazinga pofuna kupulumutsa mphindi imodzi amaimitsa makina mpaka atapeza bauti lina, ndipo masiku onsewo amai kumudzi akhala akusinjabe.