Pepala lachitatu lija musamaliponye mwachibwana

Tiyeni tikambirane za mzinda wa Lilongwe. Mwina munena kuti za m'tauni zikutikhudza bwanji ife a ku Mitundu, ku Nkhoma kapena ku Nsundwe? Zikukukhudzani ndithu. Tomato wanu, mbatata ndi nkhuku zanu zimathera pa msika wa ku Old Town, ndipo musanagulitse ngakhale mulu umodzi, wa chiphaso amakhala atafika kale. Ife amene tinachitapo geni timadziwa kuti ameneyu sajomba. Tsono amene amakhala pansi kugawa ndalama zimenezo ndani, ndipo anamuika pampandopo ndani?

Mzindawu sunagwe kuchokera kumwamba. Atsamunda anakhazikitsa boma pa Lilongwe mu 1904, ndipo mu 1966 anthu ake anali pafupifupi 19,000 okha. Kenaka Dr Banda anaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1968 anakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndalama zoyambira anakabwereka ku boma la tsankho la South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Pamene pali Capital Hill, City Centre ndi nyumba za mipanda za ku Area 10 ndi Area 43 panali midzi ndi minda ya anthu. Eni ake anauzidwa kuti asamuke. Akanakadandaula kwa yani? Makhansala analipo nthawi imeneyo, inde, koma onse anali a Kongeresi, pakuti kuyambira 1966 chipani chololedwa chinali chimodzi. Khansala wotere amayang'ana kumene kwamuchokera mpando, osati kwa inu. Akuluakulu akukumbukira: pa chipata cha msika, wopanda khadi ya chipani ankabwezedwa ndi dengu lake pamutu.

Pa 14 June 1993 a Malawi anaponya voti pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo nyali inapambana ndi mavoti oposa 60 pa 100 aliwonse. Ambiri kuno m'chigawo cha pakati anavotera tambala. Unali ufulu wawo, ndipo matipate atabwera anabwerera tonse.

Koma tisanamizane, abale. Maboma amene analowa chifukwa cha nyali ndi omwenso anazimitsa nyaliyo pa khomo la khonsolo. Boma la UDF linathetsa makhonsolo mu 1995, ndipo zisankho za makhansala zinadzachitika mu November 2000. Tsikulo, pa anthu 100 aliwonse olembetsa, amene anapita kukavota anali ngati 14 basi. Ambiri anatsala kumunda, ati khansala ndi kanthu kanji. Akuluakulu a ndale anaona, naphunzirapo kuti mpando uwu ukhoza kuchotsedwa popanda wolira. Nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, boma la Bingu wa Mutharika silinaitanenso zisankho. Lero ati ndalama palibe, mawa ati tikonze kaye malamulo. Mu December 2010 maofesi a bungwe loyendetsa zisankho anatsekedwa, ndipo zisankho zimene zimayenera kuchitika mu April 2011 zinafera m'mazira. Makhansala anadzabweranso pa 20 May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zathunthu likulu la dziko linayenda popanda khansala ngakhale mmodzi wosankhidwa ndi anthu, koma chiphaso cha pamsika sichinaime ngakhale tsiku limodzi.

Anamva kuwawa ndani? Bwana wa ku Area 10 khansala samusowa kwenikweni. Madzi akavuta ali ndi thanki, zinyalala amalipira galimoto yodzatenga, msewu ukakumbika amaimba foni kwa mnzake wa ku Capital Hill. Koma tawolokani kuchoka ku Area 47 mulowe mu Mtandire, kapena mupite ku Kauma, ku Mgona, ku Chinsapo. Kumeneko n'kumene kumafikira ana anu akachoka kumudzi kukafuna maganyu. Ndiwo amalonda pa mageti a mabwana usiku, ndiwo amachapa ndi kuphika m'nyumba za mipanda zija, madzulo n'kubwerera kumene mvula ikagwa msewu umasanduka mtsinje. Amenewa alibe foni yoimba kwa nduna. Pakamwa pawo ndi khansala. Pamene mavenda ankachotsedwa m'misewu mu April 2006, kaya kunali koyenera kaya ayi, m'khonsolo munalibe wosankhidwa woti aimirire n'kufunsa kuti malo atsopanowo ali ndi madzi ndi zimbudzi kodi.

Pa zisankho za 2014 ndi 2019 mzindawu unali ndi mawodi 27. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, kutanthauza kuti khansala mmodzi ankaimira anthu oposa 36,000. Katundu ameneyu si wopatsa munthu chifukwa chakuti amavina bwino pamsonkhano. Makhansala omwewa ndiwo amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo, monga anasankhira a Willie Chapondera mu 2014, a Desmond Bikoko mu 2017 ndi mayi Juliana Kaduya mu 2019. Ukalakwitsa khansala walakwitsanso meya.

Sindikunena kuti khansala akakhalapo ndiye kuti zonse zayera. Mu 2017, makhansala alipo, anthu a ku Area 18 anatunga m'mipope madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, mpaka nkhani inakafika ku khoti. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu ambiri mu Lilongwe. Mphamvu zawonso zinadulidwa: malamulo a 2010 anachepetsa mawodi ndi kupatsa aphungu a Nyumba ya Malamulo voti m'makhonsolo, mpaka khoti linadzagamula mu 2025 kuti kupatsa aphungu votiyo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Komabe khansala wofooka ali ndi dzina ndi nyumba yodziwika, mukhoza kumugogodera, ndipo pakatha zaka zisanu mukhoza kumuchotsa. Mpando wopanda munthu mungaufunse chiyani?

Inu a kumudzi simuvotera makhansala a mumzinda. Muli ndi anu a khonsolo ya boma lanu, ndipo mipando yawo inakhalanso yopanda anthu zaka zomwezo. Pa 16 September 2025 munalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Angati mwa inu angatchule lero dzina la munthu amene anamuchonga pa pepala lachitatulo? Ngati mwaiwala, kafunseni kwa amfumu sabata ino. Mukamupeza mufunseni ndalama za pamsika wanu zimalowa zingati pamwezi ndipo zagula chiyani, mufunseni tsiku limene khonsolo idzakumanenso. Ndipo mwana wanu wa ku Mtandire akabwera kudzatenga ufa, mufunseni ngati analembetsa kumene akukhalako, ndi dzina la wodi yake.