ANTHU NDI NCHITO ZAO: Ophika a m'cipatala

Munthu akacira ndi kuturuka m'cipatala, abale ake amathokoza adotolo ndi anamwino, ena amafika popereka nkhuku kwa abusa amene anadzampempherera. Koma nkosowa kumva munthu akuchula amai kapena abambo amene anali kumuomolera nsima masiku onse amene anagona m'wodi. Danga lino sabata ino likamba za anthu a kukhichini ya cipatala, ndiponso za mkangano wosatha umene ulipo pakati pa mphika wao ndi mphika wa abale a wodwala.

Nchito yao imayamba kusanace, pakuti phala liyenera kufika m'mawodi odwala asanayambe kumwa mankhwala a m'mawa, ndipo alipo mankhwala amene salola m'mimba mopanda kanthu. Pa zipatala zikuluzikulu monga ca Chipata Central kapena UTH ku Lusaka ogonekedwa amakhala mazanamazana. Mai amene anaphikapo pa maliro a mfumu adziwa kulemera kwa mthiko wa mphika waukulu, koma maliro amatha patapita masiku atatu, pamene m'cipatala moto suzima ngakhale pa Khirisimasi. Magetsi akazima, monga zinali kucitika kawirikawiri m'caka ca cilala ca 2024 madzi atacepa ku Kariba, wophika wopanda cothandizira cina amabwerera ku nkhuni ndi makala, ndipo nthawi ya cakudya siisintha.

Asanagwire mthiko, wophika amapimidwa. Malamulo a dziko la Zambia afuna kuti aliyense wogwira zakudya za anthu ambiri akhale ndi cikalata ca dotolo, ndipo amapimidwanso nthawi ndi nthawi. Cifukwa cake ncakuti munthu angathe kunyamula tizilombo ta typhoid m'thupi mwake iye osamva kudwala konse, ndi kumapatsira ena kupyolera m'manja. Wophika amene watsekula m'mimba, kapena ali ndi cironda ca mafinya pacala, saloledwa kukhudza mphika kufikira atacira. Nsalu ya kumutu imene amavala si ya ulemu cabe, njoletsa tsitsi ndi thukuta kugwera m'ndiwo.

Thumba la unga, la kayera kapena la nshawa likafika, liyenera kuonedwa ndi kununkhizidwa. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti unga wa zigayo zina unapezeka ndi poizoni wochedwa aflatoxin, agalu pafupifupi 400 atafa. Poizoni ameneyu amacokera ku cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa zosungidwa zisanaume, amaononga ciwindi, ndipo kuphika sikumupha. Mphuno siingamugwire nthawi zonse, komabe wosunga nkhokwe wanzeru sasanjika matumba pansi kapena kuwatsamiza kucipupa ca cinyezi.

Tsono kufika pa mkangano uja. Wodwala akagonekedwa, kumudzi kumacokera mai wake, mkazi wake kapena mlongo wake, atasenza kamphika, kaunga ndi nkhuni, nakakhala ku nyumba ya osunga odwala. Anthu awa ndi ofunika kwambiri. Ndiwo amasambitsa wodwala, kumtembenuza ndi kumdyetsa, nchito zimene anamwino awiri m'wodi yodzaza sangazithe. Koma mai wotere akalawa ndiwo za kukhichini ndi kupeza kuti mulibe mcere, mtima umamuwawa. Amati ophika aba mcere, kapena amati anthu a boma saphika ndi cikondi. Madzulo amalowa ndi kambale ka kapenta wokolera bwino atakabisa m'citenje.

Kukhichini sikuphikidwa mphika umodzi. Tsiku lililonse anamwino amatumiza ciwerengero ca odwala a wodi yao, ndi kuonetsa amene adya cakudya ca onse, amene afuna ca madzimadzi, amene aletsedwa mcere, amene aletsedwa shuga, ndi amene sadya konse. Ndiwo zopanda mcere zija zinapatulidwa dala mcere usanathiridwe mumphika waukulu. Mcere umasunga madzi m'thupi. Kwa munthu wa matenda a mtima, a impso, kapena wothamanga magazi, madziwo amatupitsa miyendo, amakweza magazi ndi kubanikitsa kupuma, kotero kuti mapiritsi otulutsa madzi amene dotolo wapereka m'mawa amagonja kwa kapenta wa madzulo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati ngakhale munthu wamkulu wosadwala asafike pa magalamu 5 a mcere patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mcere wa m'kapenta ndi m'buledi momwe.

Cimodzimodzi ndi wodwala shuga. Nsima yake imakhala yaing'ono, ndiwo zamasamba zambiri, ndipo imabwera pa nthawi yake cifukwa jekeseni ya insulini inayesedwa molingana ndi cakudyaco. Botolo la cakumwa cotsekemera kapena thobwa la shuga locokera kwa alendo a pa Sondo lingathe kubwezera m'mbuyo nchito ya sabata yathunthu. Alendo amabwerera kwao mitima ili mbee kuti aonetsa cikondi, namwino natsala kudabwa ndi cipimo ca m'mawa mwake.

Coopsa koposa ndi ca wodwala amene ayembekezera opaleshoni. Wophika akamdumpha pogawa, sikuti wamuiwala. Munthu wopita kukagonekedwa tulo ta mankhwala sayenera kudya kwa maola osacepera 6, pakuti ali m'tulomo cakudya cingabwerere kukhosi ndi kulowa m'mapapo, ndipo ena amafa nazo. Mbale amene wampatsa kaphala mobisa ayenera kuulula kwa namwino. Opaleshoni idzakankhidwira kutsogolo, mwina adzadzudzulidwa, koma wodwala adzadzuka.

Ku wodi ya ana otupikana ndi njala nkhani imakhalanso yovuta kuimvetsa. Mwana woonda kwambiri amayamba ndi mkaka wapadera wochedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Agogo akaona kakapu kameneko amati mwana akumanidwa. Koma thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi njala silingalandire nsima ndi nyama mwadzidzidzi, mtima ungaleme ndi kuima. Mwana akalimba ndipo amaonjezeredwa zina, kufikira pa phala la cimanga ndi soya lija ambiri alidziwa ndi dzina lakuti HEPS.

Pali cinanso cimene mphika wa kunja sungathe kucisunga, ndico kutentha. Cakudya cophika siciyenera kukhala poyera kupitirira maola 2, pakuti cikayamba kuzizira tizilombo timaswana msanga, makamaka m'miyezi ya October ndi November. Nsima yophikidwa m'mawa ku Sinda kapena ku Mtenguleni, niyenda pa njinga ndi pa basi, imafika m'wodi itapitirira kale nthawiyo. Munthu wa mphamvu angadye osamva kanthu, koma wodwala TB, wa HIV kapena mai amene wangobereka kumene alibe mphamvu zotero. Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Matendawa amayenda m'madzi, m'cakudya ndi m'manja osasamba. Ncifukwa cake wophika amaoneka waukali pamene akuletsa munthu kulowa m'khichini kudzapempha moto kapena kudzatsuka mbale.

Izi sizitanthauza kuti cakudya ca m'zipatala cimakwana nthawi zonse. Ilipo miyezi imene kayera ndi kabichi zimasinthana mpaka wodwala kutopa nazo, ndipo cibwabwa cotendera ca kumudzi cingabwezere munthu cilakolako ca kudya cimene cinatha. Palibe wokana zimenezo. Cofunika ncakuti wosunga wodwala ayambe wafunsa namwino wa m'wodi cimene cikuloledwa, aphike pafupi, abweretse cikali ca moto ndi covundikira, ndipo akauzidwa kuti mcere ai, ukhale ai.

Ndiwo zikacepa, mau oipa amagwera amene wagwira cipande, cifukwa ndiye aoneka ndi maso. Koma wophika sagula unga ndipo sasunga ndalama. Amaphika cimene nkhokwe yatulutsa, mwa muyeso umene wapatsidwa, nagawira anthu amene namwino wawerenga. Dandaulo la kucepa kwa cakudya likaperekedwe kwa mkulu wa anamwino kapena ku ofesi ya oyendetsa cipatala, ndipo wobwerera kumudzi angalitulenso kwa komiti ya zaumoyo ya m'dera lake kapena kwa khansala, amene ali ndi njira yofikira ku ofesi ya zaumoyo ya paboma.