PHINDU LA MLIMI LISATHERE M'NJIRA: MPHAMVU YA KATONI IRI PA NGODYA

Mlimi wa matimati amakhetsa thukuta miyezi itatu kapena inayi asanathyole cipatso coyamba. Amafesa mbeu pa nazale, amaokera, amatunga madzi m'mawa ndi madzulo, amagula feteleza, ndipo kuyambira caka ca 2016 pamene kacirombo ka Tuta absoluta kanalowa muno m'Zambia, amatayanso ndalama zambiri pa mankhwala opopera. Comvetsa cisoni n'cakuti nchito yonseyi ingathe kuonongeka usiku umodzi wokha, pa ulendo wocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke kupita ku msika wa Soweto mu Lusaka. Katundu amacoka kumudzi ali wolimba ndi wokongola, koma pofika m'tauni wapansi yense waphwanyika, madzi ali cucucu pansi pa lole. Wogula amatsitsa mtengo, ndipo mlimi amabwerera kwao ndi ndalama zocepa zimene sizifanana ndi kuvutika kwake.

Ena amaimba mlandu mseu, ena dalaivala, enanso kutentha kwa dzuwa. Zonsezi ziri ndi mbali yake. Koma pali cinthu cimodzi cimene alimi ambiri saciganizira, ndico cotengera cimene amaikamo katundu wao. Maganizo athu ndi akuti nthawi yakwana yakuti alimi a zipatso ndi ndiwo zamasamba, makamaka amene ali m'makopaletivu, aleke kutola katoni iriyonse imene aipeza kuseri kwa sitolo, ayambe kufuna mathireyi a katoni opangidwira nchito imeneyi, okhala ndi ngodya zolimbitsidwa. Tifuna kufotokoza cifukwa cake.

Mukang'amba katoni ndi kuyang'ana m'kati mwa cikoma cake, mudzaona mapepala atatu. Awiri ndi osalala, lina kunja lina m'kati, ndipo pakati pao pali pepala lopindikapindika monga malata a padenga. Nzeru imeneyi si ya lero. Pepala lopindika cotere linayamba ku England m'caka ca 1856, pamene linali kuikidwa m'kati mwa zipewa zazitali kuti zisafwafwanyike. M'caka ca 1871 Albert Jones wa ku New York analigwiritsa nchito pokulunga mabotolo, ndipo m'caka ca 1874 Oliver Long analimata ndi pepala losalala kuti lisamatambasuke. Conyamulira mazira ca pepala cinapangidwa ndi Joseph Coyle wa ku Canada m'caka ca 1911, ndipo lero tonse tidziwa thireyi ya mazira 30. Onani kuti thireyi imeneyi iri ndi timapiri pakati pa mazira. Mukasanjikiza mathireyi, kulemera kumatsikira pa timapirito, osati pa mazira ai.

Mapindi a m'katoni ali ngati bango. Bango likaimirira limasenza cinthu colemera, koma likagona limathyoka msanga. Motero katoni yopangidwa bwino iyenera kukhala ndi mapindi oimirira, ocokera pansi kupita pamwamba. Ici n'cifukwa cake katoni yogonekedwa cam'mbali imabwanyuka mosavuta ngakhale iri yatsopano.

Tsono kulemera kwa katundu wapamwamba sikugawanika mofanana pa cikoma conse. Pakati pa cikoma ndi pofooka, cifukwa pepala limatha kufutukira kunja kapena kulowa m'kati. Pa ngodya, pamene zikoma ziwiri zikumana, cimodzi cimagwira cinzake kuti cisapindike. Akatswiri a nchito yopanga makatoni amawerengera kuti ngodya zinayi zimasenza pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera konse. Aliyense amene anamangapo nkhokwe kapena khola la mbuzi lam'mwamba adziwa zimenezi. Cimene cimasenza nkhokwe ndi mphanda zimene zakumbiridwa pansi. Mphanda imodzi ikadyedwa ndi ciswe, nkhokwe yonse imapendekeka ngakhale nsungwi zake zikhale zolukidwa bwino.

Pozindikira ici, opanga mathireyi a zipatso amalimbitsa ngodya mwadala. Pocheka katoni amasiya mbali yotsalira pa ngodya iriyonse, ndipo mbaliyo imapindidwira m'kati kawiri kapena katatu mpaka ipange kamzati ka mbali zitatu koimirira m'kona. Zikoma ziwiri zazifupi kawirikawiri zimakhala zophatikiza. Pamwamba pake pamakhala timakutu timene timalowa m'timabowo ta pansi pa thireyi yapamwamba, kuti mzati ukhale pa mzati unzake ndipo mulu wonse usatsetsereke galimoto ikakhota. Mabowo olowetsa mphepo ndi ogwirira manja amaboola kutali ndi ngodya, masentimita 5 kapena kuposerapo, ndipo onse pamodzi amatenga malo ocepa cabe, ngati gawo limodzi mwa magawo 20 a cikoma. Bowo la pafupi ndi ngodya liri ngati kusema mphanda ndi nkhwangwa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Thireyi imodzi ikhale ndi matimati olemera makilogalamu 10, ndipo musanjikize mathireyi 10. Yapansi penipeni yasenza makilogalamu 90, ndiko kulemera kwa thumba lija la cimanga limene akuluakulu alikumbukira bwino. Funso n'lakuti, kodi ndani asenze thumba limeneli? M'thireyi ya ngodya zolimba, kulemera kumatsika ndi mizati inayi mpaka pansi pa lole, ndipo timati iriyonse imangosenza inzake imodzi kapena ziwiri. M'katoni yofooka, m'dengu kapena m'bokosi lodzaza mopitirira, amasenza ndi matimati eni ake. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo lole iyenera kutsika ku cigwa cotentha ca Luangwa ndi kukweranso mapiri a Manenekela. Pa cigwembe ciriconse katundu amadumpha ndi kugwanso, ndipo pa kamphindi komweko kulemera kumaposa kwa nthawi zonse. Kodi cipatso cakupsa cingapirire zotere usiku wonse?

Komabe thireyi yabwino payokha siikwanira ngati woisanja sadziwa nchito yake. Pano pali msampha umene umakola anthu anzeru. Mmisiri womanga nyumba amalumanitsa njerwa, ya pamwamba kukhala pa mpata wa ziwiri za pansi, ndipo cipupa cimalimba. Ambiri amasanja makatoni mwa njira yomweyo poganiza kuti acita bwino. Koma njerwa ndi yolimba ponseponse, pamene katoni ndi yolimba pa ngodya pokha. Mukalumanitsa makatoni, ngodya ya pamwamba imatera pakati pa cikoma ca yapansi, pamalo pofooka penipeni, ndipo mphamvu ingathe kucepa mpaka theka. Lamulo n'lakuti ngodya ikhale pa ngodya inzake, mulu uimirire cilili. Kuti milu isagwe, iyandikizeni pamodzi mopanda mpata, ndipo pomanga cingwe ikani zidutswa za katoni kapena timatabwa m'makona kuti cingwe cisadule. Pansi pa lole pakhale posalala, ndipo thireyi yapansi isalendewere kunja kwa thabwa, pakuti ngodya yolendewera siisenza kanthu. Munthu asakhale pamwamba pa katundu, ndipo matumba a mbatata kapena a makala asaikidwe pamwamba pa zipatso.

Mdani wamkulu wa katoni ndi cinyezi. Ku fakitale makatoni amayesedwa ndi makina amene amawapanikiza mpaka abwanyuke, koma kuyesako kumacitikira m'cipinda couma bwino. M'nyengo ya dzinja, pamene mphepo yomwe iri yonyowa, katoni ingathe kutaya theka la mphamvu yake ngakhale dontho la mvula lisanaigwere. Katoni imatopanso ikasenza katundu masiku ambiri. Pa cifukwa cimeneci opanga makatoni amawapatsa mphamvu yoposa katatu kapena kambiri kulemera kumene adzasenza. Inu alimi, sungani makatoni anu pa thandala m'nyumba youma, osati pa dothi. Musalongedze zipatso ziri ndi mame. Fundikani lole ndi tenti koma musiye polowera mphepo, ndipo yendani usiku kapena m'mamawa kusanatenthe.

Tidziwa kuti ena adzati, thireyi yotere ndi ya ndalama, pamene katoni ya sopo kapena ya mafuta ophikira imapezeka pamtengo wocepa. Mau amenewa ndi omveka, pakuti ndalama ya mlimi imabwera movutikira. Koma katoni yakale inatopa kale pa ulendo wake woyamba, ngodya zake zinapindika, ndipo siinapangidwe kuti ilowetse mphepo. Coopsa koposa n'cakuti ina inanyamulapo mankhwala ophera tizirombo, ndipo yotere isayandikire cakudya ngakhale pang'ono. Powerengera mtengo, musaone ndalama ya katoni yokha. Werengani matimati amene mumataya pa bokosi lirilonse ndi mtengo umene wogula amakudulani akaona madzi akukha. Madzi akatayika saoleka, ndipo timati yophwanyika siibwereranso kudimba.

Ena adzati, ogula a m'tauni anazolowera bokosi la matabwa lodzaza mpaka kupanga phiri pamwamba, ndipo sadzalandira muyeso wina. Ici ndi coonadi, ndipo ndi vuto lalikulu. Mcitidwe wogula ndi bokosi losefukira umapweteka mlimi kawiri: amapereka katundu woposa muyeso, ndiponso phiri la pamwambalo ndilo limaphwanyika bokosi lina likaikidwapo. Mankhwala ake ndi sikelo. Cimanga, nshawa ndi thonje timagulitsa pa kilogalamu, nanga matimati alekeranji? Masitolo akuluakulu, mahotela ndi masukulu ogonera komweko amagula poyeza kulemera, ndipo amafuna cipatso cosatupa ndi cosabooka. Alimi a mafamu amene amatumiza ndiwo zamasamba ndi maluwa ku Ulaya pa ndege kucokera ku Lusaka amalongedza m'makatoni opangidwira nchitoyo, cifukwa adziwa kuti wogula amalipira cimene cafika, osati cimene cinanyamuka.

Sitikunena kuti katoni ndi yoyenera paliponse. Mlimi amene amapita ku msika wa Kapata mu Chipata sabata iriyonse ndi kubwerera ndi cotengera cake, kireti ya pulasitiki ingamuthandize koposa, cifukwa imatsukika, siiopa mvula ndipo imakhala zaka. Amene akali ndi mabokosi a matabwa awapale bwino, akhomerere misomali yoturuka, ayale zidutswa za katoni yoyera m'kati, ndipo asadzaze kupitirira milomo. Koma pa ulendo wautali umene cotengera sicibwerera, katoni iri ndi ubwino wake. Ndi yopepuka, motero simulipira galimoto cifukwa ca kulemera kwa matabwa. Imabwera yoyalika ngati mphasa, mazanamazana pa galimoto imodzi, ndipo mitundu ina imapindidwa ndi manja pamudzi pomwepo popanda guluu. Iribe misomali yobaya mango, malalanje kapena makotapela. Ikatha nchito ingathe kubwerera ku fakitale kukapangidwanso, kapena kuyalidwa m'dimba kuti isunge cinyontho mpaka iole.

Fakitale siipangira munthu mmodzi mathireyi 50, koma imamvera gulu limene lifuna zikwi. Apa ndi pamene kopaletivu iyenera kuonetsa nchito yake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Atsogoleri a makopaletivu akhale pansi ndi alangizi a zaulimi, agwirizane pa muyeso umodzi. Muyeso wodziwika m'maiko ambiri ndi wa masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, kapena theka lake, 40 ndi 30, ndipo miyeso iwiriyi imasanjikana bwino popanda kusiya mipata. Pokambirana ndi wogulitsa, mfunseni mafunso awa: kodi thireyi iyi isenza makilogalamu angati, ingasanjikizidwe zingati, ndipo kodi pepala lake lipirira cinyezi? Musanalipire, pemphani zocepa zoyesera. Ikani thabwa pamwamba pa thireyi imodzi, sanjanipo njerwa zolemera katatu kuposa katundu amene idzasenza pa lole, ndipo muisiye usiku wonse pakhonde. Ngati m'mawa ngodya zapindika, ndalama zanu zikhale m'thumba.

Kwa eni mafakitale a makatoni tikuti, kumbukirani mlimi wamng'ono. Pangani mathireyi oyenera miseu ya kumidzi ndi mvula ya kuno kwathu, ndipo lembanipo m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino kulemera koyenera ndi ciwerengero ca mathireyi osanjikiza. Bungwe loona za miyeso la Zambia Bureau of Standards nalonso lingathandize poonetsetsa kuti zolembedwa pa katoni ndi zoona. Eni malole aphunzitse anyamata ao kusanja katundu mwaulemu, pakuti mlimi akapindula adzabweranso ndi ulendo wina.

Takhala tikulimbikitsana zaka zambiri kuti tilime kwambiri, ndipo alimi a m'Cigawo ca Kum'mawa anamva. Madimba a ku Katete ndi Chadiza, nthoci za ku Nyimba ndi mango a m'midzi yathu ndi umboni. Tsopano tiphunzirenso kufikitsa zokolola kwa wogula ziri zamphumphu. Nyengo yokolola isanafike, nkhani ya zotengera ikambidwe pa msonkhano wa kopaletivu yanu, ndipo tsiku lokweza katundu muimirire pafupi ndi lole, muone ndi maso anu kuti ngodya iri pa ngodya inzake.