Asiyeni amai asoke

M'makomboni ndi m'mayadi a Lusaka muli mau awiri amene timauza makolo athu akangopuma pa nchito. Oyamba ndi akuti, "Manje mupita liti kumudzi?" Aciwiri ndi akuti, "Popeza muli cabe panyumba, tizikusiyirani ana." Onse awiri timawanena moseka, mwaulemu, ena mpaka kugwada. Koma ine ndikuti onse awiri ndi acipongwe, ndipo ife a zaka za m'ma 20 ndi 30 ndife tiyenera kuwaleka, cifukwa amacokera pakamwa pathu.

Ndine mphunzitsi, ndipo pa nchito yathu caka sicitha osatsanzikana ndi mnzathu wacikulire. Kuyambira mu 2015 lamulo limati wa nchito ya boma angapume pa zaka 55 ngati afuna kucoka msanga, pa zaka 60 monga mwa nthawi zonse, kapena pa zaka 65 akafuna kupitiriza. Mai amene analowa m'kalasi ali ndi zaka 23 n'kutuluka ali ndi 60 wagwira coko zaka 37. Mukawafunsa amai otere zimene adzacite, ambiri sanena zazikulu. Amati afuna kukhala pafupi ndi ana ndi adzukulu, ndi kutsegula makina ao osokera, Singer kapena Butterfly wopalasa ndi mapazi, amene akhala zaka zambiri pakona ataphimbidwa ndi nsalu, pamwamba pake ataikapo wailesi. Afuna kusoka maapuloni, zikwama za citenge, zovala za mapilo ndi bulangeti la zidutswa. Cikhumbo cake n'cacing'ono, koma ndico timawalanda.

Tiyambe ndi nkhani ya kumudzi. Ganizo lakuti munthu wakuda akhale m'tauni pokhapokha ali ndi mphamvu zogwira nchito silinacokere kwa makolo athu. Linabwera ndi atsamunda. Pitani ku Kabwata Cultural Village, m'mbali mwa Burma Road, mukaone tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Boma la atsamunda linamanga tinyumba totere mazana m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, nthawi imene Lusaka inakhala likulu mu 1935, kuti muzigona amuna ogwira nchito. Mkazi ndi ana ankayenera kutsala kumudzi, ndipo mwamunayo akatha mphamvu ankanyamula citupa cake n'kubwerera komwe anacokera. Lero kwatsala tinyumba 43, ndipo mumakhala osema ziboliboli ndi ogulitsa nsalu. Nyumbazo tinazisandutsa malo a cikhalidwe, koma ganizo limene linazimanga tikali nalo.

Ndifunse: mudzi wake uti? Amai ambiri amene akupuma pa nchito lero anabadwira ku Matero, ku Chilenje kapena ku Kitwe. Mpingo wao uli kuno, cilimba cao cili kuno, anzao amene amagona nao pamaliro ali kuno. Kumudzi kumene tikuwatumiza anapitako kangapo, mwina kukaika agogo. Alibe munda kumeneko, ndipo msana wa zaka 60 umene unazolowera bolodi suyamba khasu lero. Munthu wa BP ndi shuga amafuna cipatala capafupi, ndipo UTH ndi Levy Mwanawasa zili muno. Katswiri wina wa za cikhalidwe, James Ferguson, analemba buku la Expectations of Modernity mu 1999 atatsatira anthu a m'migodi ya ku Copperbelt amene anabwerera kumidzi atasiya nchito. Ambiri anakafika ngati alendo pakati pa abale ao, ndalama zikutha, thandizo kulibe. Wofuna yekha kupita ku Katete kapena ku Petauke kukalima apite ndi madalitso athu. Amene ndikulimbana nao ndi aja okankha.

Ndipo tisanamizane, okankha ambiri maso ao ali pa nyumba. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za kanselo ndi za boma kwa amene anali kukhalamo. Ndimo mmene aphunzitsi, manesi ndi makalaliki ambiri anapezera nyumba ku Kabwata, Libala, Chilenje ndi Chelstone. Nyumba zomwezo lero zili pamalo a ndalama. Mwana akati, "Amai, kumudzi kuli mphepo yabwino, mukapumeko," kawirikawiri mumtima akuwerengera lendi, kapena akuyeza kale cipinda cacikulu kuti alowemo ndi mkazi wake. Nyumba imeneyo analipira ndi iwo. Cipinda cimene munkagona muli ana ngati afuna kucisandutsa cosokeramo, n'cao.

Tsopano tibwere kwa amene amati amai asapite kulikonse, akhale pafupi. Awa amaoneka ngati ana abwino, koma taonani tsiku la amaiwo. Pa 06:00 mdzukulu woyamba wafika, thewera lili m'pulasitiki. Pa 12:00 akatenge wina kusukulu. Madzulo aphike, cifukwa mwana wao abwera wotopa. Kusukulu kwathu, tsiku lotenga malipoti, theka la mizere limakhala la ambuya. Akafika Loweruka, ndi iwonso amakwera minibasi kupita ku Soweto kukagula tomato, anyezi ndi kapenta za nyumba ziwiri. Caka cikatha, makina aja abwerera pakona, wailesi yabwerera pamwamba. Boma linawamasula pa nchito ya malipiro, ife tawalemba nchito yaulere yopanda chuti.

Sindikunena kuti ambuya asalere adzukulu. Ambiri amakonda, ndipo mwana woleredwa pafupi ndi ambuya amakula ndi cinenero ndi mwambo zimene foni singamupatse. Ndikudziwanso kuti sukulu za mkaka n'zodula, wa nchito wa panyumba amafuna malipiro, ndipo ambiri mwa inu amene mukuwerenga muli pa ulova kapena pa maganyu. Zonsezi n'zoona. Koma pali kusiyana pakati pa kupempha ndi kutula katundu. Wopempha amafunsa tsiku limene amai ali ndi mpata, amabwera ndi cakudya ca mwana, amabwerera pa nthawi imene ananena, ndipo akakanidwa sakwiya. Wotula katundu amangoimika galimoto pageti, kapena kutuma mwana yekha ndi kacikwama. Ngati atate opuma pa nchito timawalola kukhala pansi pa mtengo ndi nsolo kapena nyuzipepala popanda wowafunsa, n'cifukwa ciani maola a amai timawaona ngati a aliyense?

Ngakhale makinawo akalira, cipongwe sicitha. Kicheni pate ikayandikira, timabwera ndi vitenge vya ku Kamwala n'kunena kuti, "Amai, mungondisokerako, ni ka simpo cabe." Yunifomu ya mwana ikang'ambika, zipi ikafa, diresi likakula, zonse kwa amai. Telala wa pamsika timamulipira osatsutsa, ngakhale aticedwetse milungu iwiri. Amai timawalipira "zikomo", mwinanso osawagulira ulusi. Akayesa kunena mtengo, yankho limakhala lokonzeka: "Ku Soweto ndingapeze diresi pa mtengo wocepa kuposa apo."

Tiyeni tiuone bwino mtengo wa ku Soweto umenewu. Salaula ndi yochipa cifukwa munthu wina ku Ulaya kapena ku America analipira kale nsalu ndi wosoka, n'kuvala, n'kupereka. Zovalazo zimasankhidwa, kumangidwa m'mabelo, n'kubwera pa sitima kudzera m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse lonena za malonda amenewa mu 2000, dzina lake Salaula. Ine sindinyoza salaula. Imaveka mtundu, imadyetsa mabanja ambirimbiri, ndipo jekete imene ndimavala mu June inacokera pamulu. Koma kuyerekeza mtengo wa covala cakale ndi wa covala cimene munthu wakuyezani, wadula, wasoka masiku awiri maso akuwawa, ndi masamu abodza. Ndiponso tikumbukire zimene dziko linataya. Misika itatsegulidwa kwa katundu wa kunja pambuyo pa 1991, mafakitale a nsalu ndi zovala anagwa limodzi limodzi. Kafue Textiles inatseka, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaima mu 2007. Luso losoka limene linatsala m'dziko muno lambiri lili m'manja mwa matelala a m'misika ndi amai athu omwewa. Ife tikulitenga ngati madzi a pampopi wa kanselo.

Cocititsa manyazi n'cakuti anthu akunja kwa banja amadziwa mtengo wake. Pitani pa msika wa Lamlungu ku Arcades, kapena pa msika wa mwezi ndi mwezi wa ku chalichi ca Dutch Reformed ku Kabulonga. Zikwama za citenge, zidole za nsalu ndi nsalu za patebulo zimagulidwa ndi anthu a ku Woodlands ndi alendo a kunja, osanyinyirika. Ku Ng'ombe, amai amasiye a ku Chikumbuso amaluka zikwama ndi mapulasitiki otayidwa, ndipo zikwamazo zimagulidwa mpaka kutsidya kwa nyanja. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Ometa, owocherera ndi osindikiza anakhala manja lende, koma makina opalasa ndi mapazi sanaime ngakhale ola limodzi. Cinthu cimene timaciseka kuti n'ca makedzana ndico cinagwira nchito.

Wina anganene kuti, "Ngati ndi cosangalatsa cao cabe, ndalama ilowapo bwanji?" Ilowapo pawiri. Coyamba, penshoni ya ambiri ndi yocepa, ndipo ena anadikira ndalama zao zaka, mpaka opuma pa nchito ena anagona panja pa maofesi a Unduna wa Zacilungamo muno mu Lusaka kufuna zao. Kwa amai otere, apuloni imodzi ndi ndiwo za tsiku. Caciwiri, ngakhale kwa amene penshoni ikuwakwanira, cosangalatsa cimakhala cosangalatsa ngati mwini wake ndiye asankha cosoka ndi nthawi yake. Mukawaunjikira vitenge vyanu n'kuwapatsa tsiku lomaliza, mwawabwezera pa nchito. Akafuna kukupatsani mphatso, adzakupatsani okha, ndipo idzakoma. Mphatso yocita kulamula ndi msonkho.

Palinso cifukwa cina cimene ciyenera kutiopsa ife eni. Aphunzitsi a msinkhu wanga, monga onse amene analowa nchito ya boma NAPSA itayamba mu 2000, timadulidwa 5 peresenti mwezi uliwonse, wotilemba nchito n'kuikapo 5 ina. Mu 2023 lamulo linalola kutengako 20 peresenti ya zosungazo usanapume, ndipo mizere inali yaitali. Ndalamazo zinamanga maziko a nyumba, zina zinalipira ngongole, zina zinathera m'njira, koma zonse zinacotsedwa pa ukalamba wathu. Ambiri a inu ogulitsa pamsika, oyendetsa maminibasi ndi ocita maganyu simusunga kalikonse ku NAPSA. Tikadzafika zaka 60 tidzafuna ciani? Denga, anthu athu pafupi, ndi nchito ya manja yotipatsa kangacepe ndi cifukwa codzukira m'mawa. Ana athu akuona mmene tikucitira ndi ambuya ao, ndipo ana saiwala phunziro loona ndi maso. Zimenezi ndikuzidziwa ngati mphunzitsi.

Conco ndikupempha zinthu zosavuta. Funso la kumudzi lisatulukenso pakamwa panu, pokhapokha amai ataliyamba okha. Pepala la nyumba lisiyeni pamene lili. Gwirizanani masiku a adzukulu, ndipo masiku otsalawo muwalemekeze monga mumalemekezera maola a abwana anu. Mukabweretsa nsalu, funsani mtengo musanaitule, mulipire monga mukanalipirira telala wa ku City Market. Mukapita ku Kamwala, muwagulireko ulusi, masingano ndi mafuta a makina osadikira kupemphedwa. Inu odziwa foni, jambulani zikwama zao muziike pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama ikalowa muipereke yonse. Ndipo ngati muli pa ulova, m'malo mowasiyira mwana, kokani mpando mukhale pambali pao, akuphunzitseni kulowetsa ulusi ndi kudula nsalu. Makoleji amalipiritsa maphunziro amenewo, pamene inu mphunzitsi muli naye m'nyumba.

Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Amai athu anapatsa boma zaka zao zamphamvu, ndipo ife anatipatsa usiku ndi Loweruka. Zaka zimene zatsala n'zao. Mukamva makina akulira m'cipinda, musagogode ndi mwana kumsana kapena citenge m'manja. Ikani madzi pamoto, muwapangire tiyi, muwasiye asoke.